Mtsikana akamuolotsa malire kukamukwatitsa: zochita msanga

Kuno ku Zambia, mwana akasiya kuoneka m'kalasi n'kumamveka kuti wapita kukathandiza azakhali ku Mchinji kapena ku Tete, musadikire kuti temu ithe. Nthawi zambiri malowolo amakhala atadyedwa kale. Omutengawo sadutsa naye pa zipata za malire za Mwami, Chanida kapena Lusuntha pomwe amafunsa mapepala, amamukweza njinga yamoto mbandakucha m'njira zozembera, za zalewa.

Tsiku lomwelo imbani 116, nambala yaulere ya Childline yothandiza ana, kenaka mupite ku Victim Support Unit, ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza, ya papolisi yapafupi. Aliyense angakanene: mphunzitsi, mnansi, mkulu wa mpingo. Onetsetsani kuti nkhaniyo yalembedwa, mudziwenso dzina la wapolisi amene waigwira.

Pamene milandu yotereyi imafera ndi pa zaka. Makolo amene analandira ng'ombe amalumbira kuti mwana ndi wamkulu. Choncho nyamulani kadi yake ya kusikelo, setifiketi ya kubadwa kapena kalata ya ahedi yochokera m'rejista. Onjezani chithunzi chaposachedwa, dzina la mwamunayo, mudzi wake ndi mfumu ya deralo, chifukwa midzi ya maina ofanana ndi yambiri ndipo apolisi a tsidya lija amaufunafuna potsata mfumu.

Musaoloke nokha kukamulanda. Achibale akafika ndi phokoso, mtsikanayo amasamutsidwa usiku womwewo. Apolisi athu alibe mphamvu yomanga munthu ku Malawi kapena ku Mozambique, amagwira ntchito kudzera mwa anzawo a kumeneko ndi a Social Welfare, ofesi ya boma yoona za chisamaliro cha anthu. Lamulo lili kumbali yanu mbali zonse zitatu: kuno kuyambira December 2023 ukwati wa mwana wosakwana zaka 18 ndi wosavomerezeka ngakhale ukhale wamwambo, Malawi anakonza malamulo ake mu 2017, Mozambique mu 2019. Amfumu auzeninso, poti mafumu a Kalonga Gawa Undi ali m'maiko onsewa ndipo uthenga wawo suchedwa. Koma nkhaniyi isathere pabwalo ndi mbuzi ya chindapusa.

Akabwera, chipatala choyamba. Mankhwala a PEP oteteza ku HIV amathandiza akayambidwa pasanathe maola 72 chigonereni ndi mwamunayo, mapiritsi apangozi oletsa mimba pasanathe masiku 5. Asabwezedwe m'nyumba ya amene anamupereka mpaka a Social Welfare ataona kuti ndi motetezeka, apo ayi amuolotsanso. Ngati ali ndi pakati, malo ake kusukulu sanathe: kuyambira 1997 boma limalola mtsikana kubwerera m'kalasi akachira, choncho kaonaneni ndi ahedi sabata yomweyo.