Mukamagwira ntchito kwa Ahindu, yambani ndi kalendala ya m'khitchini

Abale anga amene mwapeza ntchito m'nyumba kapena m'sitolo ya Ahindu, kaya ku Phoenix ndi ku Chatsworth mu Durban, ku Lenasia, kapena mukusamalira okalamba ku Leicester, mukalowa m'khitchini yang'anani pakhoma. Nthawi zambiri mupezapo kalendala yokhala ndi tizithunzi ta mwezi ndi timawu tating'onoting'ono pansi pa madeti. Imachokera kukachisi kapena kusitolo ya zonunkhiritsa ndiwo. Kalendala imeneyo ndi imene imalamula zolowa m'poto, tsiku lotseka sitolo, ngakhalenso zimene inu mungabwere nazo ngati kamba wa masana.

Ine sindinaidziwe msanga. Nditangoyamba ntchito pakhomo pena ku Phoenix, ndinabwera ndi usipa wanga n'kuutenthetsa m'poto wa pakhomopo. Unali mwezi wa Purtassi, umene Ahindu ena sadya nyama kapena nsomba. Agogo a m'nyumbamo sanandikalipire. Ananyamula poto uja ndi nsalu, n'kukamuika panja pafupi ndi mpopi, ndipo sanabwererenso pasitovu mpaka mweziwo unatha. Zinandipweteka mumtima chifukwa ndinawalakwira pa chinthu chimene amachilemekeza, pamene funso limodzi lokha likanandipulumutsa.

Mawerengedwe awo amayenda chonchi. Mwezi amaugawa pawiri: masiku 15 pamene ukukula mpaka kukhala wathunthu, tsiku limene amalitcha Purnima, ndi masiku ena 15 pamene ukuchepa mpaka usiku wamdima wa ndiweyani, umene ndi Amavasya. Tsiku la mwezi amalitcha tithi, ndipo siliyamba pakati pa usiku ngati la pawotchi. Limatalika kapena kufupika, kuyambira maola pafupifupi 19 mpaka 26, ndipo kawirikawiri amatenga tithi imene ilipo dzuwa likamatuluka kumene munthu ali. N'chifukwa chake deti la ku India limatha kusiyana ndi la ku Durban kapena ku London ndi tsiku limodzi. Musadalire zimene mwaona pa intaneti popanda kufunsa a pakhomopo. Ku South Africa, bungwe la South African Hindu Maha Sabha limatulutsa mndandanda wa masikuwa chaka chilichonse.

Chaka cha mwezi chili ndi masiku pafupifupi 354. Ife tinazolowera kuti Ramadan ya abale athu Asilamu imabwerera m'mbuyo ndi masiku 11 chaka chilichonse mpaka kuzungulira nyengo zonse. Ahindu salola zimenezo: pakapita zaka pafupifupi zitatu amaonjezera mwezi wathunthu, wotchedwa adhik maas, monga zinachitikira mu 2023. Choncho Diwali, chikondwerero chawo chachikulu cha nyale, imasuntha koma sichoka mu Okutobala ndi Novembala. Mu 2023 inali pa 12 Novembala, mu 2024 pa 31 Okutobala ndi 1 Novembala, mu 2025 pa 20 ndi 21 Okutobala.

Tsiku limene lidzakukhudzani kawirikawiri ndi Ekadashi, la nambala 11 m'theka lililonse la mwezi, kutanthauza kuti limabwera kawiri pamwezi. Apa mvetsetsani bwino, chifukwa kusala kwake sikufanana ndi kumene timakudziwa kutchalitchi kapena kumzikiti. Ena sadya kanthu, koma ambiri amadya, kungoti sakhudza mpunga, tirigu, chimanga, nyemba ngakhalenso dal. Dal ija ya toor, yochokera ku nandolo yemweyu amene alimi a ku Mulanje ndi ku Phalombe amagulitsa n'kupita ku India, tsiku limenelo siiphikidwa. Anyezi ndi adyo nazonso ayi. Mchere ena amafuna wamiyala, umene amautcha sendha namak. Zololedwa ndi zipatso, mkaka, mbatatesi, mbatata, mtedza, ndi zinthu ziwiri zimene Mmalawi sangazione zachilendo: sabudana, timibulu toyera topangidwa kuchokera ku chinangwa, ndi ufa wa rajgira, wa njere za mbewu ya mtundu wa bonongwe. Agujarati chakudya chotere amachitcha farali, ndipo mawuwa mudzawaona pamapaketi m'masitolo a mumsewu wa Belgrave ku Leicester.

Mukauzidwa kuphika sabudana, itsukeni madzulo mpaka madzi asiye kuoneka ngati mkaka, kenako muiviike m'madzi ongofika pamwamba pake, osapitirira. M'mawa tengani kambulu kamodzi mukafinye ndi zala; kakaphwanyika popanda kamtima kolimba, yakonzeka. Kazingani jira (tinjere tonunkhiritsa ndiwo) m'mafuta a ghee (ochokera ku batala), ikani mbatatesi zoduladula ndi tsabola, kenako sabudana yosakaniza ndi mtedza wokazinga wosinja mwamisere, osati wosalala ngati nsinjiro zotendera. Moto ukhale wochepa. Madzi akachuluka poviika paja, zonse zimagwirana ngati phala la kondowole. Ndipo supuni imene mwatakasira mpunga wa ana isalowe m'poto ameneyu.

Pali masiku enanso a sabata amene munthu amadzisankhira kusala polemekeza milungu yawo: Lolemba la Shiva, makamaka m'mwezi wa Shravan cha mu Julayi ndi Ogasiti, Lachiwiri la Hanuman, ena Lachinayi kapena Loweruka. M'nyumba imodzi mayi akhoza kusala, bambo n'kumadya nkhuku. Mabanja a ku Durban, amene makolo a ambiri mwa iwo anayamba kufika mu 1860 kudzagwira ntchito m'minda ya nzimbe, ena ndi Atamil ndi Atelugu, ena ndi a Chihindi, ena Agujarati, ndipo miyambo yawo siifanana. Zimene munaphunzira kwa abwana akale musakazitengere pakhomo patsopano ngati lamulo.

Nyengo yolemera kwambiri imayamba mu Seputembala. Atamil ndi Atelugu amalowa Purtassi, kuyambira pakati pa Seputembala mpaka pakati pa Okutobala, mwezi wonse wopanda nyama, nsomba, mazira ndi mowa, ndipo mapemphero aakulu amachita Loweruka. Mwezi umenewu amauwerengera padzuwa, motero susunthasuntha kwambiri. Cha nthawi yomweyo a Chihindi amakhala ndi Pitar Paksh, masabata awiri okumbukira makolo amene anatisiya, kenako Navratri, masiku asanu ndi anayi, pamene ena amadya kamodzi patsiku ndipo Agujarati amavina garba usiku. Ngati mumagona pantchito, nkhuli ikhoza kukuvutani. Funsani poyera ngati mungadye zanu m'chipinda chanu, ndipo mukhale ndi kapoto, mbale ndi supuni zanuzanu. Musaike nyama m'furiji yawo mwakabisira. Ya ng'ombe musabwere nayo n'komwe, nyengo ina iliyonse.

Inu achemwali ndi achimwene amene mukusamalira okalamba, pali kusala kwina kumene kumafuna maso anu. Pa Janmashtami, cha mu Ogasiti kapena kumayambiriro kwa Seputembala, ena amasala mpaka pakati pa usiku. Pa Maha Shivaratri, mu Febuluwale kapena Malichi, amachezera usiku wonse. Pa Karva Chauth, Diwali isanafike, amayi okwatiwa ochokera kumpoto kwa India sadya kapena kumwa mpaka aone mwezi. Nirjala Ekadashi, cha mu Meyi kapena Juni, ndi yopanda ngakhale dontho la madzi. Gogo wa matenda a shuga amene amabayitsa insulin kapena kumwa mapilitsi, akasala chotere shuga wake akhoza kutsika moopsa. Musamukakamize kudya, komanso musasinthe kapena kudumphitsa mankhwala mwa nokha. Mukaona tsikulo likuyandikira pakalendala, uzani namwino kapena ana ake pasadakhale, ndipo mulembe m'buku la ntchito. Mabanja ambiri amavomereza kuti wodwala asale ndi mkaka ndi zipatso. Akayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta kapena kulankhula zosokonekera, itanani thandizo nthawi yomweyo.

Malo opempherera alemekezeni. Vulani nsapato, nyale yoyaka musaizimitse kapena kuisuntha, ndipo musanapukute fumbi pamenepo funsani kaye. Akamaliza mapemphero adzakupatsani prasad, chakudya chimene chaperekedwa kwa mulungu wawo. Ngati chikhulupiriro chanu sichikulolani kudya, auzeni mwaulemu tsiku lina kuli phee, osati mbale itafika kale m'manja mwanu anthu akuona. Mukalandira, landirani ndi dzanja lamanja, ndipo musakataye m'bini.

Tsopano za ndalama, chifukwa ambiri a ife timachita manyazi pamenepa. Sabata ya Diwali isanafike ntchito imachuluka zedi: kuchapa makatani, kukwecha makoma, kukazinga zotsekemera mpaka usiku. Diwali si tchuthi cha boma ku South Africa kapena ku Britain, choncho sitolo ikatsekedwa ndi kufuna kwa mwini wake. Funsani mwezi usanathe: kodi tsiku lotsekalo ndilipidwa? Nanga maola owonjezera? Muziwalemba m'kabuku tsiku ndi tsiku. Bokosi la maswiti ndi nsalu imene angakupatseni ndi mphatso yochokera pansi pa mtima, ndipo muithokoze, koma siilowa m'malo mwa malipiro.

Usiku wa Diwali makombola amaphulika mpaka mochedwa, ndiye ngati kusamalira agalu ndi ntchito yanu, atsekereni m'nyumba kusanade. Atamil ku Durban nthawi zambiri amakondwerera kutatsala tsiku limodzi, ndipo amati Deepavali. Kwa Agujarati, tsiku lotsatira Diwali ndi chaka chatsopano, masitolo awo ambiri amakhala otseka, choncho zogula zanu mugulirepo kale. Mukakumana ndi agogo m'mawa umenewo, moni wake ndi "Saal Mubarak".