Moto ukabuka ku hositelo mudzatulukira pati? Zoyenera kuchita ngozi isanagwe

Pa 18 December 2015 moto unanyeketsa laibulale ya Mzuzu University, mabuku masauzande ambiri n'kusanduka phulusa. Mu laibulale simugona anthu. Mu hositelo mumagona ana a eni ake mazanamazana, ena anayi m'chipinda cha awiri, mawindo onse ali ndi zitsulo. N'chifukwa chake ndikulembera inu amene muli ku yunivesite.

Choyamba, yendani mu hositelo yanu masana ndipo mupeze potulukira pena kupatula khomo lomwe mumalowera tsiku ndi tsiku. Mukalipeza khomolo, likankheni. Pa hositelo yomwe ndinagona chaka changa choyamba, khomo lakumapeto kwa kolido linali lomanga ndi tcheni ndi loko wadzimbiri poopa akuba, ndipo palibe ankadziwa kuti kiyi ali ndi ndani. Mpaka lero ndikakumbukira thupi limachita tsembwe. Werenganinso zitseko kuchokera pa chipinda chanu kukafika potulukira, chifukwa mu utsi ndi mdima maso sathandiza, munthu umangopapasa khoma. Inu ochita lendi ku Chikanda ku Zomba kapena ku Luwinga ku Mzuzu, gwirizanani kuti kiyi wa chitseko chachikulu azikhala pa msomali umodzi wodziwika ndi aliyense.

Chachiwiri, sungani mu foni manambala a alonda a pageti, woyang'anira hositelo, kiliniki ya pasukulu, polisi yapafupi ndi ozimitsa moto a khonsolo. Muwalembenso papepala n'kumata kuseri kwa chitseko, poti foni imatha moto nthawi yomwe mukuifunitsitsa.

Chachitatu, yang'anani zomwe zili m'chipinda mwanu momwemo. Magetsi akathima, kandulo musaiimike pa desiki pafupi ndi mapepala, katani kapena neti ya udzudzu. Neti ikagwira moto imasungunuka n'kumata pakhungu. Ikani kandulo m'mbale yachitsulo, ndipo tulo tikayamba kukuberani, izimitseni. Ekisitenshoni imodzi isanyamule hotipuleti, ketulo ndi ayironi pakamodzi. Mukaigwira n'kumva kutentha, kapena soketi ikada m'mbali ndi kununkha pulasitiki yopsa, zulani zonse. Magetsi akathima muli pakati pophika, zimitsani hotipuleti pa switchi musanatuluke, chifukwa akabwera inu muli m'kalasi, nsima ija idzapsa pamodzi ndi chipinda. Mbaula ya makala musagone nayo m'chipinda chotseka ngakhale June atazizira bwanji. Mpweya wake sununkha, suoneka, umapha munthu ali m'tulo.

Chachinayi, moto ukabuka kuwani mokweza kuti "Moto!" ndipo gogodani zitseko za anzanu uku mukutuluka. Laputopu ndi zikalata zisiyeni. Ngati mwadzaza utsi, kwawani, mpweya wabwino umakhala pansi. Chitseko chotseka muyambe mwachikhudza ndi kuseri kwa dzanja, chikatentha musatsegule. Chozimitsira moto chofiira chija gwiritsani ntchito pokhapokha moto uli waung'ono ndipo khomo lili kumbuyo kwanu: sololani kapini, lozetsani patsinde pa moto osati pa malawi, finyani chogwirira, n'kumayendetsa uku ndi uku. Moto wa magetsi kapena wa mafuta ophikira musauthire madzi. Mafuta akayaka mu poto, vundikirani ndi chivundikiro. Mukatuluka sonkhanani malo amodzi muwerengane, ndipo wina asabwererenso mkati. Wopsa mumuthire madzi ozizira pabalapo kwa mphindi 20, osapaka mankhwala otsukira mano kapena dzira monga tinazolowera kumudzi, kenako mupite naye kuchipatala.

Chachisanu, ndipo apa ndi pomwe ambiri timalephera, nenani vuto likadali laling'ono. Waya wapoyera ku bafa, babu lakufa panjira yochokera ku laibulale, chozimitsira moto chomwe kasingano kake kachoka pobiriwira, loko wothyoka ku hositelo ya atsikana: tonse timaziona, timadandaula pa gulu la WhatsApp, nkhani n'kuthera pomwepo. Jambulani chithunzi. Lembani kalata yaifupi yonena malo enieni, tsiku ndi chomwe mwaona, mupereke kwa woyang'anira hositelo. Pemphani kuti asayine kapena adinde pa kope yanu, musunge. Pakatha sabata popanda kusintha, pitani nayo kope ija kwa Dean of Students ndi ku bungwe la ophunzira. Mawu apakamwa amakanika kuwatsata, koma pepala lodinda limakhala pa tebulo la munthu mpaka ayankhe. Mukasayina anthu 20 a kolido imodzi, limalemera kwambiri.

Pali vuto lina lomwe silijambulika. Ngati mphunzitsi, wogwira ntchito kapena wophunzira mnzanu akukuvutitsani pofuna zogonana, lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa khalidweli. Musafufute mauthenga ake. Lembani masiku ndi malo, uzani munthu mmodzi amene mumamukhulupirira, ndipo mupite naye limodzi ku ofesi ya Dean of Students kapena ku Victim Support Unit ku polisi. Muthanso kuimba 5600, nambala yaulere yothandiza ochitiridwa nkhanza. Wogwiriridwa afike kuchipatala msanga, asanasambe ngati n'kotheka, chifukwa mankhwala oteteza ku HIV otchedwa PEP amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72. Mnzanu akakuululirani zotere, musamufunse chomwe anavala kapena chomwe amakachita kumeneko. Mufunseni ngati mungamuperekeze, ndipo nyamukani naye nthawi yomweyo.