Kuphunzitsa za kuwala ndi maso pogwiritsa ntchito PhET

Mphunzitsi wa sayansi amene akuphunzitsa pasukulu yopanda labotale, monga zimakhalira m'masukulu ena akumidzi kuno ku Kasungu, angathe kuonetsa ophunzira ake mmene kuwala kumayendera ngati ali ndi kompyuta imodzi yokha. Mapulogalamu a PhET, oyeserera zasayansi pakompyuta, omwe anayambitsidwa ndi Carl Wieman m'chaka cha 2002 ku University of Colorado Boulder, ndi aulere, ndipo amagwira ntchito popanda intaneti mukawakopera. Tsiku lomwe mwapita kuboma, komwe netiweki imakoka bwino, koperani Bending Light, Geometric Optics ndi Color Vision, muwasunge mufulashi.

Musanayatse kompyuta, ikani supuni m'tambula ya madzi ndipo ophunzira anene okha chifukwa chake ikuoneka ngati yathyoka. Ine ndimaumirira pamenepa chifukwa mwana amene sanayambe waganiza amangoonerera pulogalamu ngati filimu. Kenaka tsegulani Bending Light, muyatse leza (katochi kotulutsa kuwala kowongoka ngati mzere), mpweya ukhale pamwamba ndipo madzi akhale pansi. Kuwala kumapindika polowa m'madzi chifukwa kumachepetsa liwiro, ndipo manambala a m'pulogalamuyo akusonyeza zimenezo, pakuti nambala ikakula liwiro la kuwala limachepa: mpweya ndi 1.00, madzi 1.33, galasi 1.50. Mukasinthanitsa kuti madzi akhale pamwamba n'kumapendeketsa leza pang'onopang'ono, mudzaona kuti ikapitirira madigiri pafupifupi 49 kuchokera pamzere woimirira, kuwala konse kumabwerera m'madzi momwemo. Ophunzira ayeze okha ndi pulotulakita yomwe ili m'pulogalamuyo.

Geometric Optics ndiyo yofunika kukhalapo nthawi yaitali, pakuti ndiyo ikufotokoza diso. Pali pensulo, lenzi yotukuka pakati, ndi chithunzi cha pensuloyo chomwe chimatuluka chozondoka mbali inayo. Momwemonso chithunzi chimagwera chozondoka pa retina, kumbuyo kwa diso, ndipo ubongo ndiwo umatithandiza kuona zinthu zili chilili. Afunseni kaye kuti chichitike n'chiyani pensulo ikayandikira lenzi, alembe mayankho awo, kenaka mmodzi aisunthe. Chithunzi chimathawira kutali. Koma m'diso retina sisuntha, motero lenzi ya m'diso iyenera kutukuka kwambiri kuti chinthu chapafupi chioneke bwino. Munthu akamapitirira zaka 40 lenziyo imayamba kuuma, n'chifukwa chake agogo amatambasula mkono wonse powerenga buku la nyimbo kapena kuitana mdzukulu kuti awalowetsere ulusi m'singano. Magalasi awo owerengera ndi lenzi zotukuka, pamene mwana amene saona bwino pabolodi atakhala kumbuyo nthawi zambiri amafunika lenzi zoloweka pakati. Mwana wotere musamutche waulesi. Uzani makolo ake akamuyezetse maso kuchipatala.

Color Vision sitenga nthawi. Pagawo la mababu atatu, yatsani lofiira ndi lobiriwira, ndipo munthu wa pachithunzipo adzaona chikasu. Mukawonjezera la buluu mokwanira, adzaona zoyera. Izi zili choncho chifukwa retina ili ndi mitundu itatu ya timaselo tozindikira mitundu. Pomaliza, donthezani kadontho kamodzi kakang'ono ka madzi pagalasi la foni pamene pakuoneka poyera. Kadonthoko kamasanduka lenzi, ndipo ophunzira akasuzumira pafupi amaona timadontho tofiira, tobiriwira ndi tabuluu titandandalikana.