Osamathyola vesi n'kuthawa nayo: kawerengedwe ka mavesi omwe timawapotoza aja

Tiyambire apa: manambala a machaputala ndi mavesi omwe tikuwaona m'Baibulomu sanaikidwe ndi olemba ake. Paulo polembera Afilipi sankati "apa ndiye vesi 13" ayi, inali kalata basi, yoti iwerengedwe yonse mpingo uli tcheru. Machaputala anawagawa Stephen Langton, mkulu wa mpingo wa ku England, cha m'ma 1200, mavesi a Chipangano Chatsopano anadzabwera ndi Robert Estienne, wosindikiza mabuku wa ku France, mu 1551. Amathandiza kupeza malo mwachangu, eya, koma anatizoloweretsanso kutsomphola kavesi kamodzi ngati mphamba wagwira mwanapiye, n'kukaika pa sitatasi ya WhatsApp osaona komwe kachokera.

Ndiye choyamba, vesi ikakusangalatsani bwererani m'mbuyo mizere ingapo, mupitenso kutsogolo. Afilipi 4:13 ija, "ndikhoza zonse mwa Iye wondipatsa mphamvuyo", timaitchula polowa mayeso, popita ku intavyu, ena mpaka pa mpira. Koma tawerengani 11 ndi 12. Paulo ali m'ndende, akuthokoza chifukwa cha mphatso yomwe Epafrodito wamubweretsera, ndipo akuti ndaphunzira kukhutira ndi zomwe ndili nazo, kukhuta ndikukudziwa, njala ndikuidziwa. "Zonse" zakezo ndi zimenezo, kupirira zikavuta komanso osadzimva zikayenda. Kwa ine vesiyi imakoma kwambiri tsiku lomwe intavyu yakanika kusiyana ndi tsiku lopita.

Kenako funsani kuti mawuwa akuuzidwa ndani. Apa ndichedwapo pang'ono chifukwa Yeremiya 29:11 tamuvutitsa mokwana. Mulungu akuti ndikudziwa zomwe ndikukonzerani, za mtendere osati zoipa, ndipo aliyense amangomva ngati akunena za iyeyo ndi viza yake. Chaputalachi ndi kalata yomwe Yeremiya anatumiza kuchokera ku Yerusalemu kupita kwa Ayuda omwe Nebukadinezara anawatengera ku Babiloni mu 597 BC pamodzi ndi mfumu Yekoniya. Chaputala 28 chimatiuza za mneneri wina, Hananiya, yemwe ankalonjeza kuti zaka ziwiri zokha zonse zitheka mubwerera kwanu, mpaka anathyola goli lomwe Yeremiya anavala pakhosi anthu akuonerera, uthenga wokoma zedi woti aliyense akanakuwa ameni, koma patangotha miyezi iwiri munthuyo anamwalira. Kalata ya Yeremiya ikuti mangani nyumba, limani minda, kwatirani, pemphererani mzinda womwe mwatengedwerakowo, chifukwa vesi 10 ikuti zaka zake ndi 70. Taganizani bambo wa zaka 40 akumva zimenezi, akudziwiratu kuti manda ake ali konko. Ndipo "inu" wa mu vesi 11 musamuyese "inu" waulemu uja timanena kwa munthu mmodzi, m'Chiheberi ndi wa gulu, mtundu wonse. Kodi ndiye kuti vesiyi ilibe nafe ntchito? Ili nayo, imationetsa Mulungu yemwe sataya anthu ake ngakhale zinthu zitatalika, koma silonjezo loti chaka chino chisanathe mukwezedwa pantchito.

Funso lina lofanana nalo, akuyankhula ndani? Si mawu onse a m'Baibulo omwe ali maganizo a Mulungu. M'buku la Yobu muli mavesi okoma a Elifazi ndi abwenzi ena a Yobu, oti mutha kuwapachika pakhoma, koma pa 42:7 Mulungu akuuza Elifazi kuti simunanene zoona za ine. Satana nayenso anagwira mawu Salimo 91 poyesa Yesu pa Mateyu 4:6, kuloweza mavesi amatha ndithu.

Tsopano ija yotsekera anthu pakamwa, "musakhudze odzozedwa anga". Mukangofunsa abusa za ndalama za tchalitchi kapena za khalidwe lina losalongosoka, wina amakuponyerani Salimo 105:15 nkhani n'kuthera pomwepo. Tsegulani salimolo muyambire vesi 9. Akunenedwa ndi Abrahamu, Isake ndi Yakobo, nthawi yomwe anali kagulu kochepa koyendayenda m'mayiko a eni, ndipo oletsedwawo ndi mafumu, ngati Abimeleki wa pa Genesis 20 uja anatenga Sara. Kukhudza kwake ndi kuwachita chipongwe, osati kuwafunsa funso. Ena amathamangira kwa Davide yemwe anakana kupha Sauli kuphanga, zoona anakana, koma werengani 1 Samueli 24 mpaka kumapeto, anatuluka atanyamula kansalu komwe anadula kumkanjo wa mfumu n'kuidzudzula. Mneneri Natani anauza mfumu Davide maso ndi maso, pa tchimo lake ndi Batiseba, kuti munthuyo ndinu. Paulo anatsutsa Petro pagulu ku Antiokeya, zili pa Agalatiya 2:11-14. Njira yake ndi imeneyo, vesi ikamaoneka ngati ikuletsa chinthu, fufuzani ngati anthu a Mulungu m'malo ena anachichita osadzudzulidwa.

"Musaweruze" ya pa Mateyu 7:1 nayonso chimodzimodzi, imatuluka munthu akagwidwa. Vesi 5 ikuti yamba wachotsa chimtengo chili m'diso mwako, kenako uona bwino pochotsa kachitsotso m'diso la m'bale wako. Kachitsotso kachotsedwabe, chomwe Yesu akudana nacho ndi chinyengo.

Muzionanso kuti mukuwerenga zolemba za mtundu wanji. Mwambi si pangano. Miyambo 26:4 ikuti usamuyankhe wopusa monga mwa kupusa kwake, vesi 5 ikuti muyankhe, zagundizana dala, nzeru yake ndi kudziwa kuti lero ndi tsiku la iti. Choncho makolo omwe mwana wawo walowerera asamamenyedwe ndi Miyambo 22:6, ija yoti phunzitsa mwana njira yake ndipo angakhale atakalamba sadzachokamo, ngati kuti anaphwanya kontirakiti.

Nthawi zina vuto ndi mawu omwe tinawameza poloweza. Timati ndalama ndi muzu wa zoipa zonse, pomwe 1 Timoteo 6:10 ikunena za chikondi cha pa ndalama, ndipo chikondi chimenecho wosauka nayenso chimamugwira. Apa chothandiza ndi kutsegula ma Baibulo awiri kapena atatu omasuliridwa mosiyana, masiku ano pafoni pomwepo zimatheka, ndipo pomwe asiyana kwambiri ndi pomwe muyenera kufatsa. Za Chigiriki samalani nazo, munthu akangoti "m'Chigiriki mawuwa amatanthauza zakutizakuti" tonse timangoti zii ngati wamaliza, pomwe mwina wangotola tanthauzo limodzi mu dikishonale lomwe likugwirizana ndi ulaliki wake.

Mukapeza kuti vesi yomwe agogo anu akhala akutonthozedwa nayo zaka zonsezi sikutanthauza zomwe amaganiza, musathamangire kukawakonza ngati mwapeza wakuba. Ine ndinayesapo zimenezo pa gulu lathu lowerenga Baibulo, ndinalongosola za Babiloni ndi zaka 70 bwinobwino, mayi wina anangotseka Baibulo lake mwakachetechete, sabata yotsatira osabwera. Panopa ndimangoti tiyeni tiyambire vesi 1, aliyense awerengeko mizere iwiri, tikamafika pa 10 amakhala aona okha.