Mkaka ukatsika mu Okutobala, musathamangire jekeseni kaye

Alimi anzanga a ng'ombe za mkaka kuno ku Zomba, tikangolowa Okutobala funso limakhala lomwelo, "alangizi mkaka watsika, tigule vitamini uti?" Ndiye ndati ndiyankhe pano kamodzi.

Yambani mwaiyang'ana ng'ombeyo masana. Ikamapuma mwawefuwefu, dovu chuuu, yangoima osagona komanso osabzikula, dziwani kuti kutentha kwaifika. Werengani kapumidwe poona m'nthiti, ikapitirira ka 60 pa mphindi imodzi zinthu sizili bwino. Ma Friesian athuwa ndi a kozizira, kukangodutsa madigiri 25 ayamba kale kuvutika, ndiye taganizani inu a ku Jali ndi Kachulu kufupi ndi nyanja ya Chilwa, kwanuko si ku Ku Chawe ayi. Ng'ombe yotenthedwa imadya pang'ono, mkaka umatsikira pomwepo.

Za mavitamini tsono. Amene amasowa kwambiri nyengo ino ndi A ndi E chifukwa onsewa amachokera ku msipu wobiriwira, pomwe ife pano nsenjere zauma tikungodyetsa mapesi ndi madeya basi. Vitamini A ng'ombe imasungako m'chiwindi koma pakatha miyezi ingapo ya chilimwe nkhokweyo imatha, ndiye mumaona ubweya wanyankhalala, maso akulengeza misozi, ng'ombe osatenga bere msanga olo mwaitanitsa umuna kangapo. Vitamini E amayendera limodzi ndi selenium (mtundu wina wa mchere wofunika m'thupi), awiriwa amalimbitsa chitetezo cha m'thupi, amathandiza kuchepetsa matenda otupitsa bere aja a mastitis komanso vuto la nsengwa kukanirira ikabereka. Mavitamini a B ambiri ng'ombe yaikulu imapanga yokha m'chifu, ndiye ine sindiona chifukwa chothera ndalama za mkaka pa amenewo ngati siikudwala.

Njira yosavuta ndi premix wa ng'ombe za mkaka, uja wa ufa wosakaniza mavitamini ndi michere monga selenium, muzisakaniza m'madeya tsiku ndi tsiku motsatira mulingo wolembedwa pa paketi. Osaonjeza poganiza kuti ichira msanga, selenium akachuluka ndi poizoni. Mchere nawo usasowe poti thukuta ndi dovu zikuchotsa mchere m'thupi. Amene muli ndi lukina kapena nsenjere za kudimba, kamtolo kobiriwira patsiku kathandiza kwambiri. Jekeseni wa multivitamin asiyireni alangizi a ziweto, ndi wa ng'ombe yofooka kapena imene yasiyiratu kudya.

Koma ndinene chilungamo, ndimapeza makola a malata otsika, otentha ngati uvuni, chidebe cha madzi chili gwaa, mwini wake ali ndi botolo la vitamini m'manja. Sizingatheke zimenezo. Ng'ombe yokamidwa imatha kumwa malita 100 patsiku kukatentha, madzi azikhalapo usana ndi usiku, ndipo akhale pamthunzi. Yalani udzu pamwamba pa malatawo, m'mbali mwa khola muzipita mphepo, chakudya chambiri muzipereka m'mamawa ndi madzulo kukazizira. Mukapita kukasiya mkaka ku bulking group mawa, funsani anzanu ngati mungasonkherane thumba limodzi la premix, limatsika mtengo kusiyana ndi timapaketi.