Kumwa warfarin mosamala: mapiritsi, kuyezetsa INR ndi nkhani ya ndiwo zamasamba

Mu February 1933 mlimi wina, Ed Carlson, anafika pa yunivesite ya Wisconsin ku America atanyamula ng'ombe yakufa, chigubu chodzaza magazi amene sankaundana, ndi mulu wa udzu woola umene ziweto zake zinkadya. Anakumana ndi Karl Paul Link, katswiri wa sayansi ya makemiko a m'zamoyo. Link ndi ophunzira ake analimbana ndi udzuwo zaka 6, mpaka mu 1939 anapatula chimene chinkapha ng'ombezo, n'kudzachitcha dicoumarol. Warfarin inachokera pamenepo. Mu 1948 inatuluka ngati mankhwala a makoswe, ndipo mu 1954 inaloledwa kuperekedwa kwa anthu. Ngati mwapatsidwa piritsi limeneli kuchipatala cha Helen Joseph, Charlotte Maxeke kapena Chris Hani Baragwanath kuno ku Johannesburg chifukwa magazi anaundana m'mwendo kapena m'mapapo, mtima ukugunda mosalongosoka, kapena munaikidwa valavu yachitsulo mumtima, dziwani kuti limapulumutsa moyo, koma mpata pakati pa mlingo wochiza ndi mlingo wovulaza ndi wochepa kwambiri.

Ambiri amati ndi mankhwala osungunula magazi. Sasungunula kanthu ayi. Chiwindi chimapanga mapuloteni oundanitsa magazi, ndipo anayi mwa iwo, otchedwa II, VII, IX ndi X, sagwira ntchito popanda vitamini K. Johan Stenflo wa ku Sweden anaonetsa mu 1974 kuti vitamini K ndiye amawapatsa mphamvu yogwira calcium, mchere wa m'magazi wofunika kuti magazi aundane. Warfarin imatsekereza chiwindi kuti chisagwiritsenso ntchito vitamini K amene chagwiritsa kale, choncho mapuloteni atsopano amatuluka ofooka. Koma akale aja amakhala akadali m'magazi. Wa VII amatha theka pa maola pafupifupi 6, pamene wa II amatenga masiku awiri kapena atatu. N'chifukwa chake munthu amene magazi angoundana kumene amabayidwanso jakisoni wa heparin kapena enoxaparin kwa masiku osachepera 5 ngakhale wayamba kumwa mapiritsi. Musasiye jakisoniyo panokha. N'chifukwa chakenso zimene mwamwa lero zimaoneka m'magazi pakatha masiku angapo, osati mawa m'mawa.

Palibe amene amamva m'thupi kuti mlingo wake uli bwino. Chokhacho chotiuza ndi INR, muyezo umene unakula kuchokera pa njira ya Armand Quick ya mu 1935 yowerengera masekondi amene magazi amatenga kuti aundane. Munthu wosamwa warfarin amakhala pa 1. Odwala ambiri amafunika kukhala pakati pa 2.0 ndi 3.0, ndipo ena a valavu yachitsulo amauzidwa 2.5 mpaka 3.5. Funsani mlingo wanu, ulembedwe pakhadi. INR ikatsika, magazi angathe kuundananso n'kubweretsa sitiroko. Ikakwera, mutha kutaya magazi mkati mosadziwa.

Pamene a nesi akutenga magazi, yang'anani kabotolo. Kakhale ka chivindikiro cha buluu wowala. M'katimo muli madzi pang'ono a citrate oletsa magazi kuundana, ndipo kanapangidwa kuti magawo 9 akhale magazi, gawo limodzi citrate. Kakapanda kudzaza mpaka pamzere, citrate amachuluka, INR imaoneka yokwera mwabodza, kapena a ku labotale ya boma ya NHLS amakana kuyeza, inu n'kuwononga tsiku lina la ntchito pamzere. Kakadzaza amakatembenuza modekha katatu kapena kanayi, osakhutchumula. Poyamba mumayezetsa pakatha masiku ochepa, kenako sabata iliyonse, zikakhazikika kamodzi pamwezi.

Mapiritsi amene amaperekedwa kawirikawiri m'zipatala za boma kuno ndi a 5 mg, okhala ndi mzere pakati, ndipo theka lake ndi 2.5 mg. Ndiye mungauzidwe kuti Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu muzimwa lathunthu, masiku enawo theka, zimene zikupanga 25 mg pasabata. Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka, makamaka ogwira ntchito ya usiku. Lembani masikuwo papepala, muzichonga mukangomeza. Imwani nthawi imodzimodzi, ndipo madzulo ndi abwino chifukwa zotsatira zikatuluka masana, mlingo ungasinthidwe tsiku lomwelo. Mukaiwala n'kukumbukira tsikulo lisanathe, imwani. Mukakumbukira mawa lake, imwani la tsiku limenelo basi, osaphatikiza awiri, ndipo mukanene ku kiliniki.

Tsopano ndiwo. Vitamini K amachuluka m'masamba obiriwira: nkhwani, bonongwe, chisoso, mpiru, repu, sipinachi, ndi zimene anzathu kuno amati morogo. Ena akamva zimenezi amasiyiratu masamba, ndipo kumeneko n'kulakwitsa, chifukwa munthu wosadya masamba INR yake imagwedezeka ndi kanthu kakang'ono. Chofunika n'chakuti muzidya mofanana sabata ndi sabata, mlingo wa mapiritsi ukonzedwe motsatira mbale yanu. Vuto limabwera motere. Munthu ali kuno ku Johannesburg amadya nsima ndi nkhuku, tchipisi, buledi, masamba mwa apo ndi apo. Wapita kumudzi mu December mvula itagwa, mayi akuphika nkhwani wotendera masana ndi madzulo kwa mwezi wathunthu. INR imatsika iye osadziwa. Akayezetsa kumeneko n'kumuwonjezera mlingo, kenako n'kubwerera ku zakudya za m'tauni, INR imalumpha. Choncho yezetsani musananyamuke, ndiponso sabata yoyamba mutabwerako. Kutsegula m'mimba, malungo, kapena kukhala masiku angapo osadya bwino kumakwezanso INR. Mowa wambiri nthawi imodzi umachita chimodzimodzi.

Mankhwala ena ndi oopsa kuposa ndiwo. Grand-Pa ndi Disprin, amene timangogula pa spaza mutu ukawawa, ali ndi aspirin, amene amafooketsa tizigawo ta m'magazi totseka bala komanso amakanda m'mimba. Brufen ndi diclofenac nawonso asiyeni. Pa ululu imwani Panado, koma ngati mukumumwa tsiku lililonse kwa masiku angapo, nenani. Mankhwala opha tizilombo a Bactrim, Flagyl ndi fluconazole amakweza INR msanga, ndiye aliyense wokulemberani mankhwala, ngakhale wa mano, muuzeni kuti muli pa warfarin. Rifampicin wa TB amachita zosiyana: amafulumizitsa chiwindi kuphwanya warfarin, moti mlingo ungafunike kuwirikizidwa kapena kupitirira. Nthawi yoopsa kwenikweni ndi pamene mwamaliza mankhwala a TB. Mphamvu ya rifampicin imatha pang'onopang'ono m'masabata otsatira, ndipo mukapitiriza mlingo waukulu uja mutaya magazi. Tsiku lomaliza mankhwala a TB likamayandikira, kawauzeni a ku kiliniki ya INR. Chitani zomwezo akakusinthirani ma ARV. Za mankhwala azitsamba, musabise. Nesi akufunika kudziwa kuti awerenge bwino zotsatira zanu.

Amayi ndi atsikana, warfarin imatha kulumaza mwana m'mimba, makamaka mimba ikakhala ya masabata 6 mpaka 12. Mukafuna kutenga pakati, kambiranani ndi dokotala musanayambe. Mukaona kuti mwadumphitsa mwezi, pitani kuchipatala sabata yomweyo. Osangosiya mapiritsi kunyumba, makamaka ngati muli ndi valavu.

Ulendo wa basi wodzera ku Beitbridge ndi Tete umapitirira tsiku lathunthu mutakhala pampando, miyendo yopinda, ndipo magazi amayenda mwaulesi m'mitsempha ya m'katumba. Basi ikaima tsikani muyendeyende, muli pampando muzipinda ndi kutambasula mapazi, ndipo musadzimane madzi poopa kupita kuchimbudzi. Mapiritsi ndi khadi zikhale m'kachikwama ka m'manja, osati m'katundu wa mu ngolo, ndipo tengani okwanira ulendo wonse ndi ena apadera.

Nkhama kutuluka magazi pang'ono potsuka mano kapena mikwingwirima yaing'ono ndi zoti mukanene msanga ku kiliniki. Koma kamfuno wosasiya mutatsina mphuno mphindi 10, mkodzo wofiira, chimbudzi chakuda ngati phula, kusanza magazi, mutu waukulu wodzidzimutsa, dzanzi mbali imodzi, kapena kumenyetsa mutu pansi ngakhale mukumva bwino, zimenezi sizodikira kuti kuche. Itanani ambulansi poimba 10177, kapena 112 pa foni ya m'manja. Kuchipatala kuli vitamini K wobweza mphamvu ya warfarin, ndi madzi a m'magazi okhala ndi mapuloteni aja. Mukafika onetsani khadi lanu, nenani mlingo umene mumamwa, ola limene munamwa piritsi lomaliza, ndi china chilichonse chimene mwamwa sabata imeneyo.