Momwe mungagulire nyumba ya kumidzi kuno ku South Africa osataya ndalama zanu

Lendi ya ku Rosettenville, Turffontein ndi Yeoville yatopetsa Amalawi ambiri a kuno ku Joni. Ena akumanga kwathu ku Mzimba kapena ku Mangochi, ndipo akuchita bwino. Koma kwa ife amene ana anabadwira kuno, sukulu yawo ndi ntchito yathu zili konkuno, nyumba ya kumidzi ya m'dziko lomwe lino ndiyo imatipatsa mpata wolima ndiwo ndi kuweta nkhuku tikugwirabe ntchito m'tauni. Ine ndinagula puloti kumwera kwa mzindawu, m'dera la Midvaal, ndipo nayi njira yake.

Yambani ndi mapepala anu. Lamulo silikaniza mlendo kugula malo kuno, koma Immigration Act ya 2002 imaletsa kugulitsa kapena kuchititsa lendi malo kwa munthu amene akukhala m'dziko popanda chilolezo. Pasipoti ikhale yamoyo, permit ikhale yeniyeni. Masiku 30 amene timapatsidwa pa boda ya Beitbridge si maziko omangirapo moyo, ndipo kugula nyumba sikupatsa munthu chilolezo chokhala m'dziko, ngakhale ena amanama choncho. Mudzafunikanso nambala ya msonkho ya ku SARS (bungwe lotolera misonkho) ndi akaunti ya kubanki. Chifukwa cha lamulo la FICA, lolimbana ndi ndalama zopezeka mwachinyengo, loya adzakufunsani kumene ndalama zachokera. Abale amene mumalandira pamanja, atelala, a m'magadeni, amayi ogwira m'nyumba za anthu, yambani msanga kumaziika kubanki kuti zizioneka pa sitetimenti. Ngongole mabanki amapereka, koma munthu amene sali nzika kawirikawiri amauzidwa kuti abweretse yekha gawo lalikulu, nthawi zina theka la mtengo wonse.

Gawo lachiwiri ndilo lofunika kuposa onse: dziwani mtundu wa malo amene mukugula. Kwathu tinazolowera kuti mfumu ikaloza malire pali mboni, nkhani yatha. Kunonso mafumu aliko, makamaka m'madera amene boma la tsankho linkawatcha mahomeland, monga Venda, Gazankulu, Lebowa, KwaNdebele ndi Transkei. Ku KwaZulu-Natal malo ambiri otere ali m'manja mwa Ingonyama Trust, bungwe la mfumu yaikulu ya Azulu limene linakhazikitsidwa mu 1994. Kumeneko munthu amalandira kalata ya mfumu kapena pepala lotchedwa PTO, lokuloleza kukhalapo. Malowo ndi otsika mtengo, n'chifukwa chake amakopa. Koma dzina lanu sililembedwa ku Deeds Office (ofesi ya boma yolemba eni malo), banki sikongoza ndalama pa pepala limenelo, ndipo chitetezo chanu chimadalira kuti mudziwo ukukuonani bwanji. Mwini dera ali ndi abale ndi manda a makolo omuimira pa mlandu. Inu mlendo, mfumu ikasintha kapena mwana wa amene anakugulitsani akabwera kuchokera ku Polokwane n'kunena kuti bambo ake analibe mphamvu zogulitsa, mudzaima nokha pabwalo. Ngati munakwatira kapena kukwatiwa m'mudzimo, nkhani ndi ina. Ngati ayi, funani malo okhala ndi title deed basi, pepala la boma losonyeza mwini malo.

Nyumba za RDP, zimene boma limamangira anthu osauka, zisiyeni. Woilandira saloledwa kuigulitsa zaka 8 zisanathe asanaipereke kaye ku boma la chigawo, ndipo zambiri zimene amatsatsa pa Facebook pa mtengo wokoma sizingalembedwe m'dzina lanu.

Tsono pali msampha wina umene anthu sautchula kwenikweni, ndipo ndi umene unandidyera ine ndalama. Bambo wina anali ndi famu kupitirira Heidelberg, ndipo ankagulitsa chigawo cha famuyo. Waya anali atatchinga kale, zikhomo za malire zili pansi, kanyumba ka zipinda ziwiri kali pomwepo, mjigo pafupi. Title deed anaionetsa, ndipo inali yeniyeni, dzina lake lomwe. Analemba kalata ya mgwirizano n'kukaidindira chidindo ku polisi, ndipo dipoziti inalowa mu akaunti yake. Nkhani itafika kwa loya wosinthira umwini, zinadziwika kuti ku Deeds Office famuyo ndi malo amodzi osagawika. Chigawo chimene ndinkagulacho chinaliko pa nthaka, koma m'mabuku a boma munalibe.

Mvetsetsani bwino apa, abale anga. Pali lamulo la mu 1970 lotchedwa Subdivision of Agricultural Land Act, ndipo limati malo a ulimi sangagawidwe, ngakhale kugulitsidwa chigawo chake, popanda chilolezo cholembedwa cha nduna ya za ulimi. Mgwirizano wopangidwa chilolezocho chisanatuluke ulibe mphamvu m'khoti. Kuti chigawo chikhale malo paokha, woyeza malo ayenera kujambula mapu, ofesi ya Surveyor-General iwavomereze, khonsolo ivomereze, kenako chigawocho chilandire nambala yake ndi title deed yake. Zimenezi zimatenga nthawi yaitali, ndipo nthawi zina amakana. Kuwonjezera apo, famu ija inali chikole cha ngongole ya kubanki. Mwiniwake akanalephera kubweza, banki ikanagulitsa famu yonse pamodzi ndi kanyumba kaja. Bamboyo ankangoti mapepala ali m'njira, tidikire pang'ono. Ndalama zina zinabwera pambuyo pa makalata ambiri a loya, zina sizinabwere mpaka lero.

Chidindo cha ku polisi chija ndicho chimapusitsa Amalawi ambiri. Wapolisi akadinda amangotsimikiza kuti munthuyo analumbira ndi kusaina pamaso pake. Safufuza ngati malowo ndi ake kapena ngati angagulitsidwe. Ndiye mukamva mawu akuti "ndikudulirani mbali iyi", funsani nambala ya chigawocho ndi mapu ovomerezeka. Akayamba kuzungulira, nyamukani. Ena amanena kuti mugule famu yonse anthu asanu, aliyense amange mbali yake. Ngakhale zimenezo lamulo lomwelija limazikhudza, ndipo mmodzi akamwalira kapena akalowa m'ngongole, nonse mumavutika. Kaonaneni ndi loya musanasonkhe ndalama.

Mukapeza malo okhala ndi nambala yawoyawo, fufuzani musanatulutse ngakhale R1. Safunsa anadya phula. Loya kapena ejenti wogulitsa nyumba angakufufuzireni ku Deeds Office pa kandalama kochepa, ndipo pepala lotulukalo limaonetsa mwiniwake, kukula kwa malo ndi ngongole imene ilipo. Werenganinso title deed yeniyeniyo kuti muone ngati anansi ali ndi ufulu wodutsa pamalopo kapena ngati pakudutsa mawaya a Eskom. Funsani ku Commission on Restitution of Land Rights ngati pali anthu amene anadandaula kuti makolo awo analandidwa malowo pambuyo pa 19 June 1913. Yendani malo onse ndi miyendo. Mukaona banja likukhala kuseri kwa khola kapena manda pakona, dziwani kuti lamulo la ESTA la mu 1997 limawateteza, simungawachotse popanda khoti, ndipo abale ali ndi ufulu wodzaona manda awo. Ife amene tikudziwa kuwawa kothamangitsidwa tisakhale oyamba kuthamangitsa anzathu. Ngati simungakhale nawo, gulani kwina.

Ejenti weniweni amakhala ndi Fidelity Fund Certificate, satifiketi yomuloleza kugwira ntchitoyo, yochokera ku PPRA, bungwe loyang'anira maejenti, ndipo dzina la loya mungalitsimikize ku Legal Practice Council, bungwe loyang'anira maloya. Dipoziti imapita ku akaunti ya trust (yosungira ndalama za makasitomala) ya loya kapena ya kampani ya ejenti, osati kwa wogulitsa. Samalaninso ndi imelo yonena kuti loya wasintha akaunti. Akuba amabera maimelo n'kuikamo nambala zawo. Imbani foni ku ofesi pa nambala imene mukuidziwa kale, kapena pitani nokha. Ndipo mkulu wina wa kwathu akakuuzani kuti ali ndi munthu mkati amene angafulumizitse zinthu mukamupatsa ya fanta, musamupatse.

Kenako pamabwera offer to purchase, pepala la mgwirizano wogulitsana. Lamulo la mu 1981 limati kugulitsana malo kuyenera kulembedwa ndi kusainidwa, za pakamwa sizigwira. Mukasaina nonse awiri, mwamangika. Masiku asanu osinthira maganizo amaperekedwa pa nyumba zosapitirira R250,000 zokha. Onetsetsani kuti mwalembetsa kuti mgwirizano udzagwira pokhapokha ngongole yanu ikavomerezedwa. Mukaona mawu akuti voetstoots, ndiye kuti mukutenga nyumbayo momwe ilili, choncho kwerani padenga, tsegulani mipope, yang'anani ming'alu ndi chiswe musanagwire cholembera. Pampu ya mjigo, matanki ndi mageti zilembedwe m'pepalalo kuti zikutsala, chifukwa ena amazula usiku wosamuka.

Pa mtengo wa nyumba onjezerani zolipira loya, zimene zimagwera wogula ngakhale kuti loyayo amasankhidwa ndi wogulitsa. Msonkho wa transfer duty, wosinthira umwini, kuyambira pa 1 April 2025 sulipiridwa pa malo osapitirira R1,210,000, ndipo ambiri a ife timagula pansi pa pamenepo. Wogulitsa ndiye abweretse satifiketi ya magetsi ndi kalata ya ku khonsolo yosonyeza kuti alibe ngongole. Zikayenda bwino, miyezi iwiri kapena itatu dzina limasintha. Musamange kanthu kapena kupenta lisanasinthe.

Madzi ndi magetsi muzione musanasaine. Mjigo ukayeseni mu Ogasiti kapena Seputembala, mvula isanagwe, chifukwa mu Januwale chitsime chilichonse chimaoneka chabwino. Madziwo akapimidwe ku labotale. Okumba mjigo amalipiritsa pa mita, ndipo mumalipira ngakhale asapeze madzi, choncho funsani anansi kuti iwo anawapeza pa mamita angati. Mapuloti ambiri amalandira magetsi kuchokera ku Eskom mwachindunji, ndipo pamakhala ndalama yolipira mwezi uliwonse ngakhale musanayatse babu. Mawaya a kopa amabedwa kawirikawiri. Sola yaing'ono ndi tanki ya malita 5,000 zimathandiza kwambiri, koma mabatire otchipa a m'mbali mwa msewu sachedwa kufa.

Za moyo wa kumeneko, chachikulu ndi chisanu ndi moto. Mu Juni ndi Julayi madzi amaundana m'mipope m'mawa, nthochi ndi mapapaya zimafa. Mpiru, repu ndi kabichi zimapirira. Chimanga, nkhwani ndi bonongwe dikirani mvula ya mu Okutobala kapena Novembala. Chigayo sichipezeka pafupi ngati kwathu, ndiye ambiri timalima chimanga chodya chachiwisi, ufa n'kumagula. Udzu ukauma, musayerekeze kutentha tchire ngati momwe anyamata amachitira posaka mbewa. Lamulo la mu 1998 limakakamiza mwini malo kulambula malire otchingira moto, ndipo moto wanu ukalowa kwa mnansi n'kupha ng'ombe zake mudzalipira. Lowani m'bungwe la eni malo loteteza moto ngati liliko m'dera lanu.

Ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa zimafunika chizindikiro cholembetsedwa ku boma, ndipo musagule chiweto kwa munthu wopanda pepala losonyeza kumene chachokera. Khola likhale pafupi ndi nyumba. Agalu ndi ofunika.

Anansi anu adzakhala olankhula Sesotho, isiZulu ndi Afrikaans. Pitani mukadzionetse sabata yoyamba, phunzirani moni wawo, lowani m'gulu la WhatsApp la chitetezo, ndipo maliro akachitika musasowe, monga kwathu. Musabise kuti ndinu Mmalawi, adzadziwabe, ndipo ndi bwino amve kwa inu. Ganyu ikapezeka pa puloti, lembaniko ndi achinyamata a m'deralo, osati abale okhaokha. Matakisi amatha msanga madzulo ndipo msewu wafumbi umadya matayala, choncho werengerani ndalama ya petulo yopita ku Joni tsiku ndi tsiku musanasankhe dera. Sukulu ya ana ndi kiliniki zikaoneni nokha, muyeze mtunda wake nthawi ya mvula. Wilo ilembeni mwezi womwe title deed yatuluka, itchule malowo ndi nambala yake, ndipo kope imodzi ikhale kwa loya, ina kwa m'bale wodalirika ku Malawi.